Makhadi apakatikati pa mpikisano wa poker: kulipira kapena kutaya?

Munthu akagawiridwa ma Ace awiri pa Texas Hold'em, mtundu wa poker umene aliyense amalandira makhadi awiri ake ndipo ena asanu amatsegulidwa pa tebulo kuti onse awagwiritse ntchito, safuna mlangizi, ndipo wogawiridwa 7 ndi 2 a mitundu yosiyana amadziwa chochita asanamalize n'komwe kuwayang'ana. Ma Ace awiri amabwera kamodzi kokha pa maulendo 221, pomwe makhadi achabechabe ndi ochuluka koma savuta kutaya. Chimene chimasowetsa mtendere ndi gulu la pakati: A-J (Ace ndi Jack), K-Q (King ndi Queen), A-9, 6-6, kapena peya imodzi yokha (makhadi awiri ofanana) pamene makhadi onse asanu ali poyera pa tebulo ndipo mnzako wakankhira mulu wa machips, timabatani tobetchera, kutsogolo. Makhadi otere amaoneka bwino moti kuwataya kumawawa, koma alibe mphamvu zoti munthu n'kuwadalira ndi mtima wonse, ndipo m'kuona kwanga ndiwo amatulutsa anthu ambiri mu mpikisano nthawi yawo isanakwane.

Kuno ku Zomba tili ndi kagulu kamene kamakumana Loweruka masana pakhonde la nyumba ina ku Matawale. Muli aphunzitsi, ophunzira akuluakulu a ku Chirunga, ndi amalonda angapo a mumsika waukulu. Sitisewerera ndalama, popeza masewero a ndalama ali ndi malo ake ovomerezeka ndi Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo khonde la munthu si amodzi mwa malowo. Timasewerera mapointi: woyamba amatenga 50, wachiwiri 30, wachitatu 20, ndipo ena onse amabwerera kwawo chimanjamanja. Ngakhale zili choncho, anthu amawalimbirana mapointiwa ndi mtima wonse, ndipo ndikamaonerera kaseweredwe kathu ndimaona chinthu chimodzi chikubwerezedwa: ambiri amalipira (kuika machips ofanana ndi amene mnzawo wabetcha) pamalo pamene anayenera kutaya, n'kumataya pamalo pamene anayenera kulipira. Amayang'anitsitsa makhadi awiri amene ali m'manja mwawo, pamene yankho lili pa mtengo wa poto (mulu wa machips onse obetchedwa), pa munthu amene wabetcha, ndi pa gawo limene mpikisano wafika.

Za mtengo n'zosavuta, ndipo aliyense amene anafika Sitandade 8 angaziwerengere pamtima. Tiyerekeze kuti m'poto muli machips 6,000, khadi lachisanu latsegulidwa, ndipo mnzanu wabetcha 3,000. Kuti muone makhadi ake muyenera kuika 3,000, ndipo poto yense adzakhala 12,000. Gawo lanu m'potomo ndi limodzi mwa magawo anayi, kutanthauza kuti mukamapambana kamodzi pa maulendo anayi otere simukuluza kanthu, ndipo mukamapambana koposa pamenepo mukupindula. Akabetcha zofanana ndi poto yense, mufunika kupambana kamodzi pa katatu. Anthu ambiri zimawavuta kuvomereza kuti kulipira kungakhale koyenera ngakhale pamene akudziwa kuti nthawi zambiri adzaluza, koma masamu ake ndi amenewo. Masamu omwewo amaletsanso zinthu zina zimene timazikonda. Munthu amene akudikira khadi limodzi kuti akwanitse flush (makhadi asanu a mtundu umodzi), patatsala khadi limodzi lokha kutsegulidwa, ali ndi makhadi 9 omuthandiza mwa 46 amene sakuwaona, omwe ndi mwayi wosafika bwino 20 peresenti. Kulipira theka la poto, kumene kumafuna 25 peresenti, n'kugula mokwera mtengo, pokhapokha ngati ali ndi chifukwa chenicheni chokhulupirira kuti flush ikabwera mnzakeyo adzalipiranso zambiri.

Chovuta n'kudziwa kuti mwayi wanu wopambana ndi wotani, chifukwa makhadi alibe mphamvu yokhazikika. Mphamvu yake imaoneka powayerekeza ndi makhadi amene mnzanuyo angachite nawo zimene wachitazo. David Sklansky, m'buku lake la Tournament Poker for Advanced Players la mu 2002, anafotokoza kuti pamafunika makhadi amphamvu kwambiri kuti ulipire pamene wina wakweza kale kusiyana ndi amene ukanayamba nawo kukweza iwe mwini. Chifukwa chake n'chakuti woyamba kukweza ali ndi njira ziwiri zopambanira, poti anzake angathe kutaya onse kapena makhadi ake angathe kuposa awo, pomwe wolipira ali ndi njira imodzi yokha, ndiponso akulimbana ndi munthu amene wasonyeza kale kuti ali ndi kanthu.

Tsiku lina zimenezi zinaonekera bwino pa tebulo lathu. Pali aphunzitsi ena opuma pantchito amene amatha kukhala ola lathunthu akungotaya makhadi, kapu ya tiyi ili pambali, machips awo atawasanja bwinobwino m'timilu tofanana. Ma blind (machips amene osewera awiri amaika mokakamizidwa makhadi asanagawidwe) anali 200 ndi 400, ante (enanso oika mokakamizidwa) 400, ndipo iwo, ali pampando woyamba kulankhula, anaika kapu pansi n'kukankha machips awo onse 6,000 ndi manja awiri. Mnyamata wina amene amagulitsa mafoni m'tauni anali ndi Ace ndi Jack a mitundu yosiyana. Anawasuzumira kawiri, n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, muli nazodi kapena mukungotiopseza?" Iwo anangoyankha kuti, "Lipirani muone, mphwanga." Analipira, aphunzitsi anatembenuza Ace ndi Queen, Jack inabwera pa flop (makhadi atatu oyamba otsegulidwa pa tebulo), ndipo aphunzitsi anatuluka mu mpikisano anthu akumuombera m'manja mnyamatayo kuti ndi wolimba mtima.

Ine sindinaombe nawo m'manja, chifukwa kulipira kumeneko kunali kolakwika ndipo Jack ija inangobisa kulakwako. Mnyamatayo anaika 6,000 m'poto amene anakwana 13,000, choncho ankafunika mwayi wa 46 peresenti. Munthu wosamala ngati aphunzitsi aja, ali pampando woyamba, sakankha zonse ndi makhadi ochepera 10-10 kapena A-Q. Mukakhala ndi Ace ndi Jack m'manja mwanu, njira zimene iwo angakhalire ndi makhadi amenewo ndi 48: zitatu za A-A, zitatu za J-J, zisanu ndi chimodzi pa iliyonse ya K-K, Q-Q ndi 10-10, ndiye 12 za A-K ndi 12 za A-Q. Pa njira zonse 48 palibe ngakhale imodzi imene A-J ili patsogolo. Ikakumana ndi A-K kapena A-Q imapambana pafupifupi kamodzi pa kanayi, ndipo mukaphatikiza zonse mwayi wake sufika 30 peresenti. Komatu A-J yomweyo, akanakhala kuti wakankha ndi wophunzira wina wa ku Chirunga amene amaponya machips ake onse nthawi iliyonse anzake akataya iye ali pa button (mpando umene umalankhula kutangotsala ma blind okha), kulipira kukanakhala kosafuna n'kuganiza komwe.

Mpaka pano nkhaniyi ndi yofanana ndi ya masewero wamba amene chip iliyonse ili ndi mtengo wake wokhazikika. Mpikisano uli ndi msonkho wina wobisika, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene anthu odziwa kale masamu a poto amagwera m'mbuna. Mu mpikisano, wotenga machips onse satenga mphotho yonse. Kwathu amatenga 50 yokha mwa 100. Zotsatira zake n'zakuti machips amene mukuwonjezera ali ndi mtengo wochepa kuposa amene mungaluze. Zili ngati chimanga mu Febuluwale: kwa banja limene latsala ndi thumba limodzi, thumbalo ndi moyo weniweni, pomwe kwa banja limene lili ndi matumba 40, thumba lina lowonjezera silisintha zambiri, ngakhale kuti matumba onsewo ndi a makilogalamu 50.

Njira yowerengera zimenezi imatchedwa Independent Chip Model, mwachidule ICM. Masamu ake anayamba ndi David Harville mu 1973, amene ankafuna kudziwa mwayi wa hatchi kumaliza pachiwiri kapena pachitatu pa mpikisano wa mahatchi, ndipo Mason Malmuth anagwiritsa ntchito ganizo lomwelo pa poker mu 1987. Tiyerekeze kuti pa tebulo lathu patsala anthu anayi, aliyense ali ndi machips 5,000, ndipo wotuluka tsopano sapeza kalikonse. Popeza onse ndi ofanana, mpando wa aliyense ndi wokwana mapointi 25. Mnzanu wakankha zonse ndipo inu mukuganiza zolipira. Mukaluza, mwataya 25 yonse. Mukapambana, muli ndi 10,000, theka la machips onse, ndipo ICM imati mwayi wanu wokhala woyamba ndi theka, wokhala wachiwiri ndi gawo limodzi mwa atatu, wokhala wachitatu ndi gawo limodzi mwa asanu ndi limodzi. Mukawerengera mapointi ake mupeza 38 ndi kachidutswa. Machips anu awirikiza kawiri, koma mtengo wa mpando wanu wangokwera ndi 13. Mukuika 25 pangozi kuti mupeze 13, ndipo kuti malonda oterewa akhale aphindu mufunika mwayi woposa 65 peresenti, osati 50.

Chiwerengero chimenechi n'chachikulu kuposa mmene chimamvekera. A-K a mitundu yosiyana akakumana ndi makhadi awiri alionse ongotoledwa mwachisawawa amapambana pafupifupi 65 peresenti. A-J ali pa 64, 6-6 pa 63, 8-8 pa 69. Kunena kwina, ngakhale mutaona ndi maso anu kuti mnzanuyo wakankha machips ake osayang'ana n'komwe makhadi, A-J ndi 6-6 ndi zotaya, ndipo A-K ili pamalire penipeni. Ma blind amene ali kale m'poto amatsitsako chiwerengerochi pang'ono, makamaka akakhala aakulu, koma sasintha chithunzi chonse. Nanga mapointi 12 amene asowa pakati pa 50 ya anthu awiri olimbanawo ndi 38 ya wopambanayo apita kuti? Apita kwa awiri aja amene anataya makhadi awo n'kupinda manja, poti aliyense wa iwo wakwera kuchoka pa 25 kufika pafupi ndi 31 osachita kalikonse. Ndikaona munthu akulipira ndi K-Q pamalo otere ndimamva chisoni, chifukwa amaganiza kuti akulanga wokankhayo, pamene zoona zake akudzilanga yekha pamodzi ndi wokankhayo n'kugawira ena awiriwo mphotho.

Msonkho umenewu sugwera onse mofanana. Amene umamupweteka kwambiri ndi wa machips apakatikati pamene wokankha ali ndi ochuluka kumuposa, makamaka ngati pa tebulo pali wina amene watsala ndi tochepa moti ma blind amumaliza posachedwa. Wa machips ochuluka akamalipira wa tochepa saika moyo wake pangozi, choncho angathe kulipira ndi makhadi ofookerapo. Wa tochepetsetsa nayenso alibe zambiri zoti ateteze. Ndiye musanayankhe all-in (kukankha machips onse), yang'anani kaye mulu wa wokankhayo kuti mudziwe ngati mungatsale ndi kanthu mukaluza, kenako yang'anani mulu wochepetsetsa pa tebulo. Pa mipikisano ya satellite, imene mphotho yake ndi mipando yofanana yolowera mu mpikisano waukulu, msonkhowu umafika pachimake. Ngati mipando ndi 10, mwatsala anthu 11, inu muli ndi machips okwanira ndipo wina watsala ndi blind imodzi, kutaya ngakhale ma Ace awiri pamene wokuposani wakankha n'koyenera, chifukwa ma Ace amaluza pafupifupi kamodzi pa kasanu akakumana ndi peya ina, pomwe kungokhala chete kukupatsani mpando pafupifupi mosakayikitsa.

Kumayambiriro kwa mpikisano waukulu zinthu zimakhala zosiyana. Main Event ya World Series of Poker ku Las Vegas inali ndi anthu 10,112 mu 2024, ndipo amene amalandirako mphotho amakhala pafupifupi 15 pa anthu 100 alionse. Pa tsiku loyamba la mpikisano wotere mphotho zili kutali kwambiri, moti msonkho uja ndi wochepa ndipo masamu a poto okha ndiwo amalamulira. Munthu amene amayamba kusewera mwamantha kuyambira ola loyamba, ponena kuti chachikulu n'kukhalabe ndi moyo, amafika pafupi ndi mphotho ali ndi machips osaopsa aliyense.

Apa ndi pamene mbali yachiwiri ya vuto lathu ikubwera, chifukwa kutaya makhadi nakonso kuli ndi mtengo wake, kungoti sikuwawa nthawi yomweyo. Ma blind amakwera ndi wotchi, ndipo kuzungulira kulikonse kwa tebulo kumadya gawo la mulu wanu. Dan Harrington, amene anapambana Main Event mu 1995, anatchukitsa chiwerengero chotchedwa M, chimene dzina lake linachokera kwa katswiri wina wa poker, Paul Magriel: mumagawa machips anu ndi zonse zimene mumalipira mokakamizidwa pa kuzungulira kumodzi. Ngati muli ndi 5,000 ndipo ma blind ndi ante zikukwana 1,000, M yanu ndi 5, ndiye kuti mwatsala ndi maulendo asanu ozungulira tebulo musanathe osasewera n'komwe. Pamenepo makhadi ngati A-9, K-Q ndi 6-6 salinso odikira nawo. Ndi okankha nawo inuyo poyamba pamene ena onse ataya, mulu wanu ukadali woti n'kuopsa munthu.

Malo amene anzanga amataya mopyola muyezo kwambiri ndi pa big blind, mpando woika blind yaikulu. Tinene kuti ma blind ndi 100 ndi 200, ante 200, ndipo wa pa button wakweza kufika 400, small blind n'kutaya. M'poto muli 900, ndipo inu mukungofunika kuwonjezera 200, zomwe zikufuna mwayi wa 18 peresenti yokha. Ngakhale 7 ndi 6 a mtundu umodzi atakumana ndi ma Ace awiri amapambana koposa kamodzi pa kasanu, ndipo wa pa button nthawi zambiri amakhala alibe ma Ace. N'zoona kuti mudzakhala woyamba kulankhula mpaka mapeto, ndipo zimenezi zimachepetsa phindu la makhadi anu chifukwa nthawi zina mudzatayitsidwa musanaone makhadi onse asanu. Komabe pa mtengo wotsika chonchi, makhadi ngati Q-8, J-7 a mtundu umodzi kapena 9-8 ndi olipira nawo. Munthu yemweyo amene amaponya 6,000 ndi A-J kwa aphunzitsi amakana kuwonjezera 200 ndi 9-8 kwa mnyamata amene akukweza kawirikawiri, chifukwa A-J ili ndi zithunzi zokongola pomwe 9-8 ilibe.

Mapeya ang'onoang'ono ndingowatchula mwachidule. 4-4 kapena 5-5 amapeza khadi lachitatu lofanana nawo pa flop pafupifupi 12 peresenti ya nthawi, ndipo akapanda kulipeza amakhala opanda ntchito. Kulipira nawo kumapindula pokhapokha nonse awiri muli ndi machips ochuluka kumbuyo, mwina owirikiza ka 15 zimene mukulipirazo. Mulu ukachepa, mapeya amenewa amasanduka okankha nawo kapena otaya basi.

Chisankho chowawitsa mutu kuposa zonse chimabwera pa river, khadi lachisanu likatsegulidwa, ndipo chitsanzo chimene dziko lonse la poker limachikumbukira ndi cha mu 2003, pamene Main Event inali ndi anthu 839 ndipo kunatsala awiri okha, Chris Moneymaker ndi Sam Farha. Moneymaker ankagwira ntchito yowerengera ndalama ku Tennessee ndipo analowa kudzera pa satellite ya pa intaneti ya PokerStars, pomwe Farha anali katswiri wozolowera masewero akuluakulu. Pa tebulo panatsegulidwa 9, 2, 6, kenako 8, pomaliza 3, ndipo atatu mwa makhadiwo anali ma spade. Farha anali ndi Queen ya spade ndi 9, peya yapamwamba. Moneymaker anali ndi King ya spade ndi 7, kutanthauza kuti flush ndi straight (makhadi asanu a manambala otsatana) zimene ankadikira sizinabwere ndipo analibe ngakhale peya. Iye anali atakweza pa turn (khadi lachinayi litatsegulidwa), ndipo pa river anakankha zonse. Farha anaganiza nthawi yaitali, mpaka anatchula mokweza kuti mwina mnzakeyo waphonya flush, koma pomaliza anataya. Moneymaker anapambana mpikisanowo n'kutenga madola 2.5 miliyoni, Farha anatenga madola 1.3 miliyoni.

N'kosavuta kumuweruza Farha ife amene tinaonetsedwa makhadi onse pa kanema, ndipo sindikufuna kutero. Chimene chimandiphunzitsa ndi mafunso amene anali patsogolo pake. Atatsala awiri okha msonkho wa ICM umatha, chifukwa palibenso wachitatu wopindula ndi kulimbana kwawo, choncho panatsala mtengo wa poto ndi munthu basi. Makhadi amene akanamuposa analipo ambiri: flush iliyonse, straight ya 10-7, ya 7-5 kapena ya 5-4, ndi mapeya awiri. Makhadi amene iye akanawaposa anali a munthu amene anakweza pa turn ali ndi spade imodzi yaikulu n'kuphonya. Queen ya spade imene inali m'manja mwake inkachepetsa ma flush amene mnzakeyo akanakhala nawo, koma inkachepetsanso makhadi ophonya amene akananamizira nawo. Zonsezi zikawerengedwa, funso lotsala linali lakuti kodi munthu wosazolowera ameneyu angayike mpikisano wake wonse pa bodza, ndipo Farha anayankha molingana ndi mmene anthu osazolowera ambiri amachitira.

Funso limeneli siliyankhidwa ndi nkhope ya munthu pa mphindi imeneyo, kapena ndi kunjenjemera kwa manja ake, poti manja amanjenjemera ndi makhadi abwino omwe. Limayankhidwa ndi zimene munaona iye akutembenuza m'maulendo a m'mbuyo, makamaka aja amene inu munali mutataya kale ndipo munali ndi mpata woonerera m'malo moyang'ana pa foni. Pa khonde lathu ndaona kuti aphunzitsi aja akabetcha zambiri pa river amatembenuza mapeya awiri kapena kuposa apo, ndipo sindinawaonepo akutembenuza flush yophonya. Kwa iwo peya yapamwamba ndimaitaya ngakhale poto akundilonjeza mtengo wabwino, chifukwa kamodzi pa kanayi kaja sikakwana. Wophunzira wa ku Chirunga uja ndamuona kangapo akubetcha ma turn ndi ma river ali ndi khadi limodzi lokha la flush, ndipo akakankha pa tebulo la ma spade atatu titatsala awiri, 9 yofanana ndi imene Farha anataya ine ndimalipira nayo.